Gologolo Wangongole Alandira Kiyi wa Banki

Kalekale, koma osati kale loti n'kuiwalika, m'nkhalango ya Tidyenawo munali banki. Inali nkhokwe yaikulu ya chitseko chachitsulo, momwe nyama zinkasungitsa mtedza, uchi ndi masuku. Woyang'anira wake anali Bwana Fisi, mlamu wa Mfumu Mkango. Lamulo la bankiyo linali lakuti wolephera kubweza ngongole azipakidwa utoto wofiira kumchira, utoto wosachoka ngakhale utakwecha ndi mchenga.

Gologolo wina, dzina lake Nangondo, anali nawo utotowo. Anakongola mbewu ya mtedza chaka cha ng'amba, mtedzawo n'kupsera m'munda. Chiyambire pamenepo, kulikonse kumene ankafunsira ntchito mabwana ankayamba aona mchira asanaone nkhope. Atamva kuti banki ikufuna wosunga kiyi, anapita kukangoyesa mwayi, mchira ataupinda m'chitenje.

Pamzere panali akuluakulu a michira yoyera, koma Fisi anawabweza onse. Njiri akuti imagwada mosasangalatsa. Kadzidzi, mwini masatifiketi odzaza dengu, akuti maso ake ndi aakulu kuposa mmene ntchitoyo ikufunira.

Polowa Nangondo, chitenje chinakodwa pachitseko, mchira uja n'kutulukira, psuu!

"Pepani bwana, ndingobwerera," anatero Nangondo.

"Mubwerere kuti, mayi?" Fisi ananyambita milomo. "Tatembenukani tione bwino. Eee, kufiira kwakeko! Kodi nkhalango yonse ikudziwa za ngongoleyi?"

"Ngakhale ana, bwana. Amachita kundiimba nyimbo."

"Basi, ntchito mwaipeza."

Mayi uja anatuluka osaponda pansi. Anakumbatira mlonda wa pabankipo, anavina pakati pa msewu, chitsa anachipatsa moni n'kuchifunsanso za ana. Ine sindimuseka ayi. Amene wakanidwa mpaka kuzolowera, tsiku lomwe amuvomera safunsa chifukwa.

Mwambo wopereka kiyi unachitikira pakhomo pa banki, nyama zonse zilipo. Mkango unakwera pachulu.

"Nyama zanga zokondedwa, boma langa silitaya aliyense! Ena amanyoza angongole, ife tawakweza. Chuma chanu, chodzaza mpaka kudenga, tachiika m'manja mwa mayiwa. Kanthu kakasowa kuyambira lero, mukudziwa mchira woti muugwire."

Anyani, omwe anali atalandiriratu nthochi, anawomba m'manja mfumu isanamalize n'komwe.

Fisi anapereka kiyi akunong'ona: "Mutsegule mawa, muli nokha. Ndiwo mwambo wa banki."

Koma Nangondo chimwemwe chinali chitamutseka makutu. Anaona azakhali ake m'khamumo akupukuta misozi, mtima n'kumuthawa.

"Azakhali! Bwerani muone mu ofesi mwanga!"

"Mayi! Mawa! Tati mawa!" anakuwa Fisi akumuthamangira. Kaya analodzedwa ndani kuganiza kuti ndi timiyendo take takumbuyo tatifupi tija angapeze gologolo. Kiyi anazungulira, chitseko chinatseguka, gwaa!

Munatuluka mileme. Itatha mileme, simunatulukenso kanthu. Pansi panali posesedwa bwino, ngakhale khoko la mtedza munalibe. Apo m'pamene Nangondo anazindikira chimene Fisi anaukondera mchira wake.

Fisi anafika ali wefuwefu. Poti mawu a mawa anali atawaloweza kale, anangowatulutsa lero lomwelo.

"Mwaona? Tinamukhulupirira, wangongoleyu watibera!"

Azakhali aja anasuzumira m'nkhokwemo, kenako anamutsegula mwana wawo kukamwa n'kusuzumiramonso.

"Bwana, mwanayu kiyi wamulandira pompano, tonse tikuona. Nanga uchi wa nkhalango yonse waubisa m'tsaya liti?"

Anyani anayamba kuwomba m'manja mwachizolowezi, koma ataona kuti ali okha anasiya. Nyama zonse zinaleka kuyang'ana mchira wa Nangondo, zinatembenuka pang'onopang'ono n'kuyamba kuyang'ana mimba ziwiri zonyezimira, ya Fisi ndi ya mfumu. Mfumu Mkango inakoka mpweya kuti yake iphweko, koma mimbayo inakana.