Mmene Mayi Zelifa Anaikira Wakuba Akali Moyo

Amene munakhalako pa Dwangwa mukudziwa kuti malemu Mayi Zelifa Mhone sankatukwana munthu. Ukawalakwira ankangokuyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Chabwino, ndikakonza." Thukuta linkakutuluka pomwepo, chifukwa chimene ankati akakonzecho chinali mbiri yako, ija amawerenga pamaliro bokosi lisananyamuke.

Mayiwa anali ndi kashopu kotaipa makalata pafupi ndi pokwerera minibasi. Ine Leonard ndinasoka zovala pakhonde pawo zaka khumi ndi zinayi, ndiye zimene ndikunenazi sindinachite kumva. Poyamba ankadikira kuti munthu afe kaye, monga amachitira anthu onse. Kenako anatopa ndi achibale obwera maso ali psuu, osadziwa n'chaka chomwe chimene malemu anabadwa, ndipo anayamba kulemberatu. Aliyense wa pa Dwangwa, kuyambira kapitawo wa odula nzimbe mpaka mayi wogulitsa usipa, anali ndi tsamba lake mu kompyuta. Chotsala chinali tsiku lokha.

Tsambalo linkayenda ndi khalidwe lako. Tryson, kondakitala wa minibasi, tsiku lina anawakalipira kuti, "Agogo, sunthani, galimoto si yanu!" M'mawa mwake mawu akuti "anali wolimbikira ntchito" anachoka mu mbiri yake, n'kulowamo akuti "anali ndi kukamwa kwakukulu". Anabwera atanyamula chambo.

"Mayi, ndamva kuti mwandisintha."

"Sindinakusinthe, mwanawe. Ndangokujambula."

"Nanga chambochi?"

"Chambo ndidya. Za mbiri tiona mmene uyendere mwezi uno."

Abdulhamid, wokonza mafoni ndi makompyuta kutsidya kwa msewu, ankadziona ngati anapulumuka. "Ife Asilamu timaikidwa tsiku lomwelo, mayi. Simudzapeza mpata."

"Che Abdulhamid, yanu ndinasindikiza kale. Ili mu diloomu."

Ndiye linafika Lachiwiri lija. Chakumasana kompyuta inayamba kulira ngati ambulansi, galasi lonse lili psuu, ndipo panalembedwa kuti yagwidwa ndi matenda oopsa, imbani nambala iyi msanga. Anandiitana. Apa ndiulule, chifukwa mlandu wanga ndimaudziwa. Ine telala, amene za kompyuta ndimazidziwa mmene mbuzi idziwira za ngalawa, ndinaima ndi tepi m'khosi n'kunena molimba mtima kuti, "Imbani, mayi. Anthu amenewa ndi ophunzira."

Anaimba, n'kukweza foni kuti nanenso ndizimva. Anayankha mwamuna wa ulemu wotsekemera kuposa nzimbe. Anati dzina lake ndi Ramsey, wa ku likulu la kampani yopanga makompyuta, ndipo mayi asadandaule, angolowetsa kapulogalamu kena kake kuti iye athe kuichiza ali konko. Netiweki ya tsikulo inkayenda ngati ili ndi nyamakazi, moti kapulogalamuko kanatenga pafupifupi ola. Mayi Zelifa sankatha kukhala ndi munthu ola lathunthu osamufufuza.

"Kwanu n'kuti, bambo?"

"Ku Lilongwe, mayi."

"Ku Lilongwe anthu amangokagonako. Mchombo wanu unakwiriridwa kuti?"

Anaseka, nati ku Benga. Ku Benga chakuti? Kuseri kwa chigayo. Mayi anu alipo? Alipo, a Lois, amaimba kwaya. Muli angati m'mimba mwanu? Sukulu munalekeza pati? Mkuluyo ankangofuna kuti nkhalamba isadule foni, ndiye ankayankha chilichonse. Wakuba dzina amanama, koma za kwawo zimangomutuluka zokha.

Kapulogalamu katangolowa, kamuvi ka pagalasi kanayamba kuyenda kokha, mayi manja ali pamiyendo. Kanapita molunjika pamene panali mbiri zonse, kanazungulirapo pang'ono, ndipo panatuluka chithunzi cha loko. Ulemu uja unatheranso pomwepo.

"Tamverani, agogo. Zinthu zanu ndatseka. Tumizani ndalama pafoni isanakwane faifi koloko, apo ayi ndifufuta zonse."

Nkhani inafika pamsika ine ndisanameze malovu. Tryson anavina pamsewu mpaka minibasi inamusiya. Ena ankafunsa nambala ya wakubayo kuti amutumizire ya fanta. Koma ine ndinali m'katimo, ndipo ndinaona manja a Mayi Zelifa akunjenjemera, zimene ndinali ndisanaonepo.

"A Leonard," anatero motsitsa mawu, "mmenemu muli zaka makumi awiri. Agogo ake a Wezi wa pamsikapa anandiuza ulendo wawo wochokera ku Usisya ali pamphasa yomaliza, mayina a makolo awo onse. Anandiuza ine ndekha. Zikafufutika, Wezi ndi abale ake adzaikana ngati alendo."

Manyazi amene ndinachita sindidzawaiwala. Ndinathamangira Abdulhamid, ndipo iye atangoona kamuvi kakuyenda kokha anakuwa kuti, "Zulani intaneti, mayi! Munthuyu ali m'nyumba mwanu!"

"Dikirani. Mukuti akuona zonse zimene ndikuchita apa?"

"Zonse."

"Ndiye aone."

Anakonza magalasi, anatsegula tsamba latsopano, n'kutaipa ndi zilembo zikuluzikulu kuti MBIRI YA MALEMU WODZITCHA RAMSEY. Ankataipa uku akuwerenga mokweza, ndi mawu awo aja a pamaliro.

"Malemu anabadwira ku Benga, kuseri kwa chigayo. Anali mwana wachitatu wa Mayi Lois, oimba kwaya. Sukulu anathawa ali fomu thuli. Ntchito yake inali kubera nkhalamba, ndipo nayonso sanaidziwe bwino."

Kamuvi kanadumpha n'kufufuta zonse. Mayi anataipanso, mofulumira kuposa poyamba, n'kuwonjezera kuti malemu anali wamantha. Kanafufutanso. Anataipanso, n'kuwonjezera kuti nsapato zake palibe wachibale amene akuzifuna. Anthu anali atadzaza pakhomo ndi pazenera, Tryson yemwe ali pomwepo, pakamwa pali yasa.

"Agogo, mukutani kodi?" anafunsa mkulu uja, amene anali akadali pafoni, mawu atachepa.

"Ndikugwira ntchito yanga. Inunso gwirani yanu." Anapitiriza. "Malemu asiya mayi awo, amene mawa ndikawapatsa pepalali pamanja kuti aone ngati ndalakwitsa penapake." Kenako anataipa kuti TSIKU LOMWALIRA, n'kuchotsa manja. "Apa ndilembepo ine, kapena mulemba nokha, poti dzanja lanu lili momwemu?"

Kamuvi kanaima pakona osagwedezeka.

"Mayi, munthu wamoyo samulembera zimenezo. N'kumuitanira tsoka," anatero wakuba uja.

"Pa Dwangwa pano onse ndinawalembera, bambo. Ndipo mwa amene anapita, palibe amene ndinamuphonya."

Sipanathe mphindi ziwiri. Anatchula yekha mawu achinsinsi otsegulira loko, chilembo ndi chilembo, kawiri, kuopa kuti mayi angalakwitse. Mbiri zitangotseguka, Abdulhamid anazula chingwe cha intaneti ngati akuzula chinangwa. Anakopera mbiri zonse pa fulashi, anatsuka kompyuta yonse kuti kapulogalamu kaja kasatsale n'fungo lomwe, ndipo anawasinthitsa mawu achinsinsi onse mpaka pini ya pafoni. Anawalangizanso kuti uthenga wotere ukadzabweranso asadzaimbe, angozimitsa n'kumuitana.

Ife tinkati zatha. M'mawa mwake ndinawaona pokwerera minibasi atavala chitenje cha maliro, envulopu ili m'manja.

"Kodi suja anakubwezerani, mayi?"

"Anabweza mbiri. Kunjenjemera kwanga sanabweze."

Anapitadi ku Benga, n'kudzera ku polisi pobwerera. Tinamva kuti Mayi Lois atawerenga pepalalo anakonzamo chaka chimodzi chokha, kenako anaimbira mwana wawo foni n'kumuwerengera lonse, kwaya ili pomwepo. Nambala ija sinalirenso.

Atabwerako anaima pafupi ndi makina anga, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "'Imbani, mayi. Anthu amenewa ndi ophunzira.' Chabwino, a Leonard. Ndikakonza."

Ndinawasokera madiresi atatu aulere. Onse anavala, koma zimene anakonzazo sanandiuze.

Anamwalira chaka chatha, mvula itangoyamba, atadwala masiku anayi okha. Pansi pa tebulo lawo tinapeza makatoni awiri odzaza maenvulopu omata, iliyonse ili ndi dzina, pakuti chichokereni Lachiwiri lija sanakhulupirirenso kompyuta payokha. Pamwamba penipeni panali yawo. Achibale anandipempha ine kuti ndiiwerenge, ndipo inali yaifupi kuposa zonse zimene analembapo. Inangotchula kumene anabadwira, makolo awo, ndi mzere umodzi wakuti, "Malemu sankakhululuka msanga, koma palibe amene anamuiwala." Tryson analira mpaka anachita kumugwira anthu awiri.

Masiku ano m'kashopu muja amagulitsa zikwama za mafoni. Makondakitala amakalipira nkhalamba mmene afunira, ndipo palibe woopa. Maliro a munthu amene analibe envulopu umangomva kuti anali munthu wabwino, wokonda anthu, woopa Mulungu, mpaka kudabwa ngati wafika pamaliro oyenera. Ine ndikusokabe pakhonde pomwepo, ndipo makina akaima, kumbuyo kwanga kumakhala chete wosautsa. Ndimawasowa mayi aja, ndi mantha anga omwe.

Envulopu yanga ili mu diloo ya makina. Ndaiunika padzuwa kangapo. Mawu saoneka, koma pansi penipeni pali mzere umodzi wowonjezera ndi bolopeni, ndipo ndikudziwa kuti ndi wa tsiku lija. Mkazi wanga amati tiitsegule ndi nthunzi ya ketulo, tiwerenge, timatenso, palibe angadziwe. Ine ndimakana. Munthu uja sindikhulupirira kuti anasiyiratu kukonza.