Mizere folote ya amayi

Lolemba
Ndafika ku Nathenje! Amayi ndi amayi aang'ono sakulankhulanabe chifukwa cha malire a munda umene anasiya agogo. Zaka zitatu! Koma mwayi wawo, m'banjamu muli munthu wa chaka chachitatu cha zamalamulo. Ineyo. Aphunzitsi athu, loya amene anakalambira kulemba malamulo a boma, amati: "Mkangano uliwonse wa malo ndi chiganizo chimene munthu wina anachita ulesi kulemba." Ine ulesi ndilibe.

Lachiwiri
Ndili kumunda. Ndatenga kope, mapeni awiri, chipewa, ndi nsapato zolakwika. Amayi akuti malire ndi chitsa. Aang'ono akuti ndi chulu. Chitsa chimaola, chulu chimakula, abale! Ndawerenga mizere kuchokera kumsewu mpaka pakati pa chitsa ndi chulu: folote, makumi anayi ndendende. Nambala siola.

Lachitatu
Pangano latha, masamba anayi! Ndime 3: gawo la amayi ndi mizere folote kuchokera kumsewu. Ndime 7: palibe kusintha pokhapokha onse awiri atavomera. Malume abwera kuchokera ku Mitundu kudzachitira umboni. Akuti, "Mphwanga, kumunda unagwirako khasu?" Nsanje basi. Aang'ono asayina osawerenga kawiri, mpaka andipatsa nkhuku. Ndalira pang'ono.

Lachinayi
Aganyu ayamba kuunga mizere yatsopano. Kodi mizere amaiphwasula chaka chilichonse?! Palibe anandiuzapo. Ndiye chaka chino amayi amvera alangizi, akuti mizere iziyandikana kuti chimanga chichuluke. Ndawerenga. Ndawerenganso. Wa folote wathera kutali, chitsa ndikuchionera uko. Aang'ono aima pomwepo, akhoma kale chikhomo. "Loya wathu, tawerengani mokweza, ine sukulu ndinalekeza sitandade folo."

Lachisanu
Ndapita kwa aang'ono ndi pepala lokonza cholakwika. Andilandira bwino, mpando, thobwa. Kenako atulutsa pangano m'chitenje, alikuta m'pulasitiki. "Ndime 7, mwanangu." Ndime imene ndinainyadira kwambiri! Amayi sakundilankhula. Akungoitana nkhuku ija kuti Aloya.

Loweruka
Kabaza, minibasi, kabaza, mpaka ku Mitundu. Malume akusoka thumba, sanadzutse n'komwe mutu. "Ine ndinkadziwa malire, koma iwe unati pakamwa si umboni. Ndasayina, ndine mboni ya pepala." Ndatumiza zithunzi za pangano kwa aphunzitsi, mwina pali kabowo kothawira. Ayankha msanga: palibe, akuti ndime 7 ndinailemba bwino zedi. Akupempha ngati angaligwiritse ntchito m'kalasi, akuti dzina afufuta. M'kalasimo wa ku Nathenje ndine ndekha.

Lamulungu
Amayi ndi aang'ono akhala benchi imodzi kutchalitchi, akubwerekana buku la nyimbo. Ndiye mkangano ndathetsadi, eti? Pobwerera ndapepesa kuti ndawatayitsa malo. Amayi angoseka.
"Usadandaule, mwanawe, ine sindinataye kanthu. Mbali yapitayo ndi imene ndinkasungira iweyo."