Kwa Bwana Mkulu wa Mphezi Yam'nyumba, Za Diresi Lolekezera M'chiuno

Olemekezeka Bwana,

Ndagwada pansi, ine telala wamba, ndipo ndalavula mapini onse anali pakamwa kuti mundimve bwino. Sindinabwere ndi dandaulo ayi. Ndine yani ine woti n'kudandaula za intaneti yopanda mawaya, ine amene moyo wanga wonse wadalira ulusi? Ndabwera kudzathokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kabokosi kanu koyera kamene kali pamwamba pa kabati ya nsalu. Timagetsi take tobiriwira timakongoletsa shopu kwambiri. Kale makasitomala ankabwera ndi zithunzi zodula m'magazini, ine n'kumasoka zimene ndaona. Panopa amatumiza pafoni, ndipo mwa chifundo chanu chithunzi chimatsika pang'onopang'ono kuchokera kumutu: tsitsi, kolala, mikono, kenako pofika m'chiuno chimaima n'kupuma. Kumunsi konse kumangokhala phulusa, kamkombero kakuzungulira pakati. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Bwana, nkhonoyo ndaiona maso mpaka tadziwana, koma mpendero wa diresi sindinauonepo.

Chachiwiri, zikomo potitumizira katswiri wanu wa chipewa cholimba. Anakwera padenga, anaima manja m'chiuno, nagamula kuti wolakwa ndi mtengo wa mapeyala umene anadzala malemu bambo anga. Tinaudula. Tsopano dzuwa limatiwamba m'shopu tsiku lonse, mapeyala timagula, netiweki ili momwe inalili. Atabweranso anati ndi mitambo. Imeneyo ndalephera kuidula, mundikhululukire. Ndikaimba ku ofesi kwanu amandiika pa kanyimbo kokoma kaja, ndipo mkazi wanga tsopano amakaimba akamachapa.

Chachitatu, mwandisandutsa mlosi. Diresi la akazi a aphunzitsi ndinachita kulosera kumunsi kwake. Ndinalosera lotambalala, chonsecho iwo ankafuna lothina long'ambika pambali. Masiku ano akandiona amawoloka msewu.

Tsono nayi nkhani yandisowetsa mtendere. Mwana wa mlongo wanga akukwatiwa Loweruka lino. Ali kutali kuntchito, afika ukwati utatsala pang'ono. Anasunga kandalama kake nthawi yaitali n'kutumiza nsalu yoyera yonyezimira, yokwana diresi limodzi lokha basi, kenako anatumiza chithunzi cha mmene akufunira. Kumtunda ndamaliza, ndipo kunena mosadzitama, kwakongola. Kumunsi sindikudziwa ngati kuli mchira wokwekwa pansi kapena likulekezera m'mawondo. Ndinamuimbira foni ya vidiyo kudzera pa kabokosi kanu kuti andifotokozere, nkhope yake inauma pakamwa pali yasa, mawu okhawo amene ndinamva ndi oti malume. Nsalu ili pathebulo, choko chili m'manja, sizasi ikundiyang'ana. Nsalu ikadulidwa sibwerera, bwana, ndipo ndikuopa. Mwanayu ndinamunyamula ali khanda. Mayi ake anandiuza kale kuti ndikamuchititsa manyazi ndisadzapondenso pakhomo pawo.

Ndaona pachikwangwani chanu kuti posachedwa mukhazikitsa liwiro lina la intaneti loposa limene tili naloli, pamwambo wa atolankhani ndi makamera. Mtima wanga wadumpha ndi chimwemwe. Munthu wamkulu ngati inu sangaime pamenepo atavala zogula pakaunjika.

Choncho pempho langa ndi laling'ono. Ndiloleni ndikusokereni suti ya tsikulo kwaulere, monga mwa muyeso umene inu mumatipimira. Jekete ifika msanga, yositidwa bwino, mabatani owala. Thalauza izibwera pambuyo. Mukwere pansanja mmene mulilimo, mumwetulire, muwauze anthu adekhe pakuti kumunsiko tikukonza. Mphepo ikayamba kukuombani m'miyendo, mundiimbire. Ndidzakuimbirani kanyimbo.

Ndine kapolo wanu wolipira mwezi ndi mwezi mosaphonya,

Telala wa pafupi ndi ometa tsitsi