Jekete la a Chimphuno

A Chimphuno, mlonda wa nkhalango yathu ya paini, sankapereka moni kwa munthu asananunkhize mtengo. Ife ocheka matabwa tinkawapeza m'mawa mphuno ili pakhungwa, maso ali tsinzinu.

"Alendo afika umu," ankatero. "Akuda aja."

Ankati tizilombo toboola makungwa tilipo mitundu iwiri, takuda ndi tofiira, ndipo sitimwerana madzi. Toyamba kufika pamtengo timatulutsa fungo loitana abale ake, koma kwa mtundu winawo fungo lomwelo limati pano pali eni, pitani kwina.

"Popanda ndewu, popanda mlandu! Osati inu anthu, kulongolola basi."

Ndiye ankayenda ndi utuchi wa mitengo yobooledwa ndi takuda m'matumba monse, n'kumapaka mitengo yabwino kuti tofiira tiziyesa mwadzaza. Tofiira tinathawadi. Koma takuda tinabwera fuko lonse, mpaka akapitawo anachita kuwagwira mwendo kuti asiye.

Nkhani inakula ndi amayi otiphikira tiyi pamacheka, amasiye. A Chimphuno ankawafuna zedi, koma akangowaona pakamwa pankauma gwa. Dalaivala wa lole ya matabwa nayenso anayamba kumwa tiyi wosatha. Mukudziwa zimene anachita a Chimphuno? Anavula jekete lawo lonunkha utomoni ndi thukuta, n'kulipachika pakhomo la khitchini.

"Uyo amva yekha kuti pali eni," anatinong'oneza.

"Achimwene, kalankhuleni ndi pakamwa!" tinawauza.

"Fungo silinama."

Tsoka ilo, dalaivala anali wa chimfine chosatha. Analowa, analankhula, mvula isanagwe ukwati unachitika. A Chimphuno anangopukusa mutu, amvekere, "Ameneyu ndi mtundu wachitatu." Tinaseka mpaka kugwira nthiti, iwonso n'kuseka nafe. Sanakwatire mpaka imfa.

Masiku ano mitengo ikafiira masamba timangodula, palibe wotiuza amene walowamo. Nkhalango ili zii, ndipo ine ndimawasowa, ndisaname. Tsiku lina ndinakumbutsa amayi aja za jekete, ndimati tiseke. Sanaseke. Anakhazika ketulo pansi pang'onopang'ono.

"Mumayesa sindinamve? Ndinamva tsiku lomwelo, mwananga. Dalaivala ndinamuzengereza dala, ndimati mwini jekete abwera kudzalitenga, ndimuyankhe. Sanabwere."