Kachubu Kanu ndi Zala za Hana

Kwa Bwana Wamkulu Wosankha Zipangizo za Odwala,

Ndagwada, bwana. Ndine Lyson Chikuse wa kwa Kabudula, mlimi wa fodya. Sukulu ndinalekera Sitandade 5, ndiye polakwika musaseke kwambiri.

Mkazi wanga Hana anachira mwana wamkazi masiku khumi apitawo, kenako n'kuyamba kukomoka. Anamutumiza kutauni, m'chipinda cha odwala mwakayakaya, komwe anamulowetsa kachubu mu mtsempha wogunda wa pamkono, ati koonera mmene magazi akuthamangira. Ndalemba kuti ndithokoze.

1. Zikomo posankha kachubu kolimba. Anamwino andiuza kuti tofewa tinatha kalekale, inu munabweretsa touma ngati phesi, tomwe magazi sachedwa kuundana pamenepo n'kutseka njira. Munaganiza bwino, ife akumudzi timakondadi katundu wokhalitsa. Atakachotsa ndinakaona ndi maso anga, kali bwinobwino, kopanda ndi mng'alu womwe. Lavuta ndi dzanja chabe.

2. Zikomo pondiphunzitsa udokotala mwaulere. Tsopano ndikudziwa kuti chala chikasowa magazi chimayamba n'kuzizira, kenako chimabiriwira. Lero zala ziwiri za Hana za kumanja zada bii ngati fodya wa chikopa. Ine ndinkazifikisa, kuziuzira mpweya, poyesa ndi mphepo ya m'chipindamo. Umbuli eti, bwana?

3. Apa ndingofunsa, pakuti ndine wosaphunzira. Ife ku okushoni akapeza kaulusi kamodzi ka pulasitiki m'belo, belo lonse limabwezedwa, ndipo aliyense amadziwa mwini wake chifukwa nambala yanga ili pachiguduli. Ndinapempha kuona katoni ya timachubu tanu. Ndinaitembenuza uku ndi uku, dzina la amene anavomereza kuti ilowe palibe. Kodi kwanuko mumabweza bwanji katundu? Kapena fodya ndiye amasamalidwa kuposa mtsempha wa munthu?

Kumudzi apongozi akuimba foni kawiri patsiku. Mwana akumumwetsa mkaka wogula ndi kasupuni, ndipo dzina sitinamutche, tikudikira mayi ake. Ndimangowauza kuti Hana akupezako bwino. Za zalazo sindinanene. Ndinena bwanji?

Pempho langa ndi laling'ono, losayenera n'komwe kukuimitsirani galimoto. Madokotala ati Lachisanu m'mawa adule zala ziwirizo zisanaononge dzanja lonse, ndipo andipatsa pepala loti ndisaine. Ndalipinda, lili m'thumba la malaya, cholembera chikundikanika kugwira. Inu kusaina munazolowera. Bwerani musaine ndinu.

Mukatero musathamangire kuofesi. Hana sanatsitsimuke bwino, sakudziwa kanthu. Akadzuka adzafunsa mwana wake, n'kutambasula manja kuti amulandire. Pamenepo ine ndidzakupatsani mpando wanga wa pambali pa bedi, mumufotokozere nokha m'Chichewa.

Ine wanu wosayenera kukumasulani nsapato,

Lyson Chikuse,
Pabenchi ya panja pa chipinda cha odwala mwakayakaya.