Mahedifoni a Thu Sauzande

Mahedifoni a K250,000, munthu anagula ndi thu sauzande, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Ndakuonani mwameza malovu, anyamata inu. Malovu omwewo ndi amene anameza Nyadani. Takhalani pabenchipo. Pali mwambi umene timaponyerana ife amumsika muno, ndipo chiyambi chake n'chotere.

Nyadani anali wometa tsitsi ku Ndirande, m'kashopu kamalata kokhala ndi galasi limodzi lalikulu ndi mpando wozungulira. Masana makasitomala akasowa, ankayatsa kompyuta yake pashelefu pansi pa galasilo, n'kumasewera gemu ija ya asilikali osakana m'mabwinja. Dzanja anali nalo, diso anali nalo. Chimene chinkamuphetsa ndi makutu. Timahedifoni take tinali togula pawindo la minibasi, phokoso lonse linkagwera pamodzi ngati mvula pamalata, ndipo adani ankamudzera kumbuyo mpaka kutsala pang'ono kumupatsa moni.

Ndiye kunamveka kuti Loweruka kuli mpikisano wa gemu imeneyi muholo ina m'tauni, wopambana atenga theka la miliyoni. Lolemba m'mawa Nyadani anatseka shopu, ulendo kwa Che Jafali, mkulu wogulitsa ndi kukonza zamagetsi mumsika.

Che Jafali anamuveka mahedifoni akuda, olemera bwino m'manja, n'kuyatsa gemu ija.

"Tsinzinani, achimwene. Mukamva mapazi, lozani kumene akuchokera."

Nyadani anatsinzina. Analoza kumanzere. Analoza kumbuyo. Kenako anazyolika, chifukwa wina anali atadumpha pamwamba pa denga.

"Mwaona?" anatero Che Jafali. "Abwino si aja ogunda ngati zokuzira mawu zapaukwati. Abwino amakuuza kuti munthu ali kumbuyo chakumanzere, watsala mapazi khumi, ndipo waponda mchenga osati simenti. Khushoni yake siwotcha makutu, kamaiki kake sikalira ngati udzudzu. Awa ndi K250,000."

Tsono Nyadani ankadzitama kuti chibadwire sanagulepo kanthu pamtengo woyamba. Ngakhale mulu wa tomato ankaunenerera mpaka mayi wogulitsa kuyamba kuitana Mulungu. Anakoka, anakoka, ola lathunthu. Che Jafali anatsika ndi teni sauzande yokha, n'kuima nji.

"Ndikapitirira apa, ana anga adya mawaya."

Nyadani anatuluka akung'ung'udza. Pageti la msika wina anamukodola. Anali bambo wamaso ofiira ngati wosagona masiku anayi, atanyamula jumbo patali ndi thupi lake, momwe munthu amanyamulira khoswe wakufa. Mujumbomo munali mahedifoni onga aja a Che Jafali, kusiyana kwake katepi kabuluu kokulunga waya.

"Fote sauzande, bigi," anatero bamboyo, akucheuka.

Nyadani anangotsegula pakamwa, asanatulutse liwu.

"Chabwino, sate. Twente. Mwandipeza pabwino, perekani teni."

Apa mvetsani, anyamata. Wamalonda satsika yekha. Amatsika ukamukoka, ndipo amatsika akulira. Uyu ankatsetsereka ngati njinga yopanda mabuleki pamtsetse. Munthu wanzeru akanabwerera m'mbuyo. Nyadani anaganiza kuti nkhope yake yokha yayamba kuopseza amalonda.

"Thu sauzande," anatero, pofuna kungomuyesa.

"Tengani."

Bamboyo anaika jumbo pansi, analandira ndalama osaiyang'ana n'komwe, n'kupukuta manja pathalauza. Akuchoka, anayenda mopepuka ngati watula thumba la simenti.

Nyadani anabwerera kwa Che Jafali kukawaonetsa mmene amuna amagulira zinthu. Mkuluyo anasuzumira mujumbo, manja n'kuwabisa kumbuyo.

"Tepi imeneyo ndinakulunga ndine. Awa ndi a Tadeyo wa ku Makata, katswiri uja wa magemu, tinamuika sabata yathayi. Kwawoko maliro sanamete, katundu sanagawe, akudikira malume ake ochokera ku Joni. Mpaka atameta, chinthu cha malemu chimakhala chikadali cha malemu. Wakugulitsaniyo ndi mlamu wake, wachita kuzembetsa. Kabwezeni lero lomwe."

"Madala, akufa sasewera gemu," anaseka Nyadani. "Nenani kuti zakupwetekani."

"Zandipweteka," anavomera Che Jafali. "Pitani bwino."

Lachiwiri masana Nyadani anavala mahedifoni aja, ndipo dziko linatseguka. Ankamva nsapato za adani pamiyala, ankamva wina akusintha zipolopolo kuseri kwa khoma. Anapha asanu ndi awiri osakhudzidwa. Koma pansi pa phokoso lonselo panali mapazi ena, patali, cha kumsewu.

Phwa, khwee. Phwa, khwee.

Anatchera khutu. Asilikali amugemu amavala majombo. Awa anali masilipasi, ndipo limodzi linali lolumikiza ndi msomali, chifukwa linkakanda pansi. Nyadani anati mwina opanga gemu aikamo munthu wamba.

Lachitatu, dzuwa lili paliwombo, magetsi anazima. Kompyuta inada, fani inaima, wailesi ya telala woyandikana naye inakhala chete. M'mahedifoni munayenera kukhala zii.

Phwa, khwee. Phwa, khwee.

Tsopano anali pakhomo pa shopu. Nyadani anasolola waya kukompyuta, n'kuugwira m'manja. Mapaziwo analowa, anaponda tsitsi losasesa, anaima. Nyadani anakweza maso pagalasi. Munali iye yekha, benchi yopanda munthu, ndi chitseko chotsegula, kunja kukuwala mbee. Anavula mahedifoni, zonse zinatha. Anawavalanso, anamva munthu akupuma modekha, ngati kasitomala wodikira nthawi yake.

Tsiku limenelo anatseka msanga. Koma Lachinayi anabweranso, poti theka la miliyoni silichoka m'mutu ndi mapazi okha. Ali pakati pa gemu, mawu anamveka kumbuyo kwa khutu lake, mawu a mnyamata wotopa.

"Kumanzere, amwene."

Nyadani anauma. Chala chokha ndicho chinamvera, chinatembenuza mfuti kumanzere, ndipo mdani amene anali asanaonekere n'komwe anagwa.

"Pawindo pali awiri. Musathamange. Mumathamanga kwambiri inu."

Madzulo a tsikulo Nyadani anali atagonjetsa anthu amene chaka chonse ankamusandutsa chopondera. Mukuganiza kuti anathamangira ku Makata kukabweza? Anakhala pampando wake wozungulira, mutu ukuwerenga phindu. "Thu sauzande," anadziuza yekha, "ndagula mahedifoni ndi kochi yemwe." Chitsiru chikaona mzukwa chimayamba chafunsa ngati mzukwawo ungagwire ganyu.

Lachisanu mawu aja sanalangize kanthu mpaka gemu itatha. Kenako anati:

"Amwene, lamulo mukulidziwa. Mukaluza mudzuke, ndikhalepo ine."

Lamulolo aliyense wosewera m'mashopu a magemu amalidziwa: wogonja amadzuka, wodikira amakhala. Palibe kukangana. Nyadani anafunsa:

"Mukhala bwanji, poti inu... poti mulibe pokhalira?"

"Ndikhalira panupo."

Mpando unazungulira pang'ono, wokha, monga umachitira wina akautsamira kumbuyo. Nyadani anaona nkhope yake pagalasi ikumuyang'ana, ndipo sanaikonde mmene inkamuyang'anira. Anaika mahedifoni mujumbo, anatuluka, anayenda mpaka pamphambano yopita ku Makata. Pamenepo anaima. Mawa lokha, anaganiza. Ndikangowina mawa, ndikabweza ndi ulemu wonse. Anakhotera kwawo.

Loweruka muholo munadzaza. Osewera anawaika kutsogolo, ndipo pamasewero omaliza maiki a awiri otsalawo anawalumikiza kuzokuzira mawu kuti anthu azimva akatswiri akulankhula. Nyadani anafika pamenepo. Amene anaonera amati sanaonepo munthu wosewera chotero. Thukuta linkachita kugwera pamabatani, maso ali tong'o, osaphethira. Anzake ankasewerera ndalama. Iye ankasewera kuti asadzuke pampando. Ndipo nthawi yonseyo, kumbuyo kwake: phwa, khwee, uku ndi uku, ngati kochi woyendayenda m'mbali mwa bwalo.

Anawina. Holo inaphulika, anthu akuimba dzina lake. Nyadani anapumira m'mwamba, ndipo mawu aja anabwera pafupi kwambiri moti anamva kuzizira pakhutu.

"Tawina, amwene. Ndalamazo mukasiye kwa mayi anga. Ndilibe chiliza."

Apa ndi pamene Nyadani akanangoti chabwino. Koma munthu amene sanagulepo tomato pamtengo woyamba sangayambire pamzukwa. Anaiwala maiki.

"Aaa, zonse? Zala zinali zanga, amwene. Handiredi sauzande."

Mawu ake anamveka holo yonse. Anthu anayamba kusiya kuimba.

Phwa, khwee. "Zonse. Ndi mbuzi."

"Mbuzinso yachokera kuti? Chabwino, tigawane pakati. Theka lanu, theka langa. Mukhale munthu, a Tadeyo."

Dzinalo litatuluka m'zokuzira mawu, anthu muholo anayang'anana. Onse ankamudziwa Tadeyo. Ambiri anali atanyamula nawo bokosi lake. Ankaona wometa tsitsi atakhala yekha, akunenerera mtengo ndi mpweya.

Phwa, khwee. "Zonse. Ndi mbuzi ziwiri."

Nyadani anazindikira kuti wakumana ndi malonda oyenda chobwerera: iye akakoka, mtengo ukukwera. Anavula mahedifoni, n'kuwaponya patebulo. Anati zatha. Ndiye ndi makutu ake enieni, amene anabadwa nawo, anamva pasimenti ya holoyo, kumbuyo kwa mpando wake:

Phwa. Khwee.

"Ndavomera!" anakuwa. "Ziwiri! Zisafike zitatu!"

Lamulungu m'mawa anthu a ku Makata anaona Che Jafali ali patsogolo, Nyadani pambuyo, akukoka mbuzi ziwiri, jumbo ili m'khwapa. Malume a malemu anali atafika Lachisanu, ndipo banja lonse linali pabwalo. Mlamu uja anakhala pakona, atasalala nkhope ngati munthu amene wagona tulo tabwino sabata yathunthu.

Nyadani anagwada, anapereka envulopu, anapereka jumbo. Mayi a Tadeyo analandira osadabwa konse. Pamene Nyadani ankadzuka, maso ake anagwera pakhomo la kachipinda kotseka. Panali masilipasi abuluu, ataikidwa bwinobwino. Lakumanja linali lolumikiza ndi msomali.

Mayiwo anaona kumene akuyang'ana.

"Amenewo anasowa Lolemba, bambo. Tinafuna nyumba yonse. Dzulo madzulo tangowapeza pamenepo, fumbi lokhalokha, ngati achokera kutali." Anapukusa mutu. "Mwana ameneyu chinthu chake sankasiyira munthu."

Malume anakonza kukhosi. Anali munthu wodziwa kuona mwayi, monga amakhalira obwera ku Joni.

"Akuti ndinu ometa, achimwene? Mulungu ndi wabwino. Ife lero ndi tsiku lometa maliro, ndipo timadandaula kuti lezala tili nalo limodzi."

Nyadani anameta mitu makumi awiri ndi itatu, kuyambira malume mpaka khanda. Womaliza kukhala pampando anali mlamu uja, amene anapempha kuti m'mbali amusiyireko pang'ono. Nyadani anamumeta mpala, ndipo amati lezala linaterereka kawiri.

Atameta, achibale anagawa katundu. Mahedifoni anagwera msuweni wina wa kumudzi wopanda kompyuta, amene anawapereka kwa Che Jafali kuti amugulitsire. Anagulidwa ndi mphunzitsi wina pa K200,000, Che Jafali osatsika ngakhale tambala, ndipo mphunzitsiyo mpaka lero samva kanthu koma majombo. Chiliza cha Tadeyo chinamangidwa cha matailosi, chokongola kuposa nyumba zina za amoyo.

Nyadani anabwerera kutimahedifoni take tapaminibasi. Adani amamudzerabe kumbuyo, ndipo iye amati zili bwino choncho, pali zinthu zina munthu safunika kuzimva zikubwera. Kasitomala wovala masilipasi amamuuza kuti avulire panja.

Tsono amene analipira ndani? Mlamu anadya thu sauzande yake, malemu anapeza chiliza, malume anadya chiwindi cha mbuzi. Nyadani, katswiri wonenerera, anakana mahedifoni a K240,000 kuti adula, n'kubwereka a malemu masiku asanu ndi limodzi pamtengo wa K502,000, mbuzi ziwiri ndi mitu makumi awiri ndi itatu.

N'chifukwa chake, anyamata inu, wina akakukodolani pageti ndi jumbo, mtengo n'kumagwa inu musanatsegule pakamwa, muzikumbuka mawu amene anatsala mumsika muno kuchokera tsiku limenelo: malonda akatsika okha mtengo, mwini wake ali kumbuyo.