Mpikisano wa Oimba Ngati Ferista

M'mudzi wina umene ojambula mapu sanaukumbukirebe, nyimbo zinali ndi malamulo ake, ndipo wosunga malamulowo anali Bambo Dayitoni Chisasula, Wapampando Wamuyaya wa Bungwe la Oimba Ovomerezeka, Mlonda Wamkulu wa Kiyibodi. Lamulo linali lakuti woimba ayambe ndi kutchula dzina lake katatu, adandaule za chikondi, kenako amalize ndi moni kwa Wapampando. Magulu onse ankaimba mofanana moti pa ukwati wina gulu lina linakwiya kuti laberedwa nyimbo, pamene wailesi inkaliza kaseti yawo yomwe.

Wosokoneza anali mmodzi: Ferista Kamzimbi, telala wa pakhonde la golosale. Mawu ake anali osasa, gitala yake ya chigubu ndi mawaya a mabuleki a njinga. Ankaimba za bondo lake lopweteka ndi za mbuzi imene inadya velo ya mkwatibwi. Chimene ankalakalaka n'kuimba kamodzi kokha pabwalo, anthu atakhala pansi n'kumamvetsera.

Komiti ya Bungwe inamuitana.

"Mayi, m'nyimbo yanuyi chikondi chili pati?" anafunsa Wapampando.

"Chili m'bondomo, bambo. Ndinagwa pokatunga madzi osamba amuna anga."

Atakambirana masiku atatu, a komiti anagamula kuti zimenezi si nyimbo koma phokoso lokhala ndi mawu. Anamuletsa kuimba pa maukwati, pa zinkhoswe, ngakhale pa maliro a abale ake. Ferista analira pang'ono, n'kubwerera kumakina ake, kumene ankaimbira nsalu.

Tsiku lina dalaivala wa minibasi, akudikira kuti thalauza lake lisokedwe, anamujambula pafoni. Mwezi usanathe nyimbo ya bondo inali pa mawailesi a m'tauni, anthu ophunzira akugwedeza mitu kuti chikhalidwe chenicheni ndi chimenechi.

Wapampando anaitanitsa msonkhano wadzidzidzi, n'kukumbukira pomwepo kuti luso la Ferista analitulukira ndi iye. Makiyibodi anabisidwa kunsi kwa mabedi. Zigubu zinasowa m'mudzi. Njinga zinayamba kuyenda zopanda mabuleki, ndipo akuluampingo awiri anagwera m'ngalande. Oimba athanzi anayamba kutsimphina, n'kumapita kudambo m'mawa uliwonse kukakuwa kuti mawu asase.

Kenako Bungwe linalengeza Mpikisano wa Oimba Osafanana ndi Wina Aliyense, polemekeza Mayi Kamzimbi. Osafanana onsewo analamulidwa kuvala yunifolomu imodzi. Ferista anasoka zonse makumi anayi, n'kusoka ina yake kuti nayenso akaimbe.

Pa tsikulo oimba makumi anayi anadandaula za mabondo. Ferista anakwera pansanja pomaliza. Anali atangolandira mdzukulu woyamba, ndipo anaimba nyimbo yatsopano, yapansipansi, ya kakhandako. Amayi ogulitsa nzimbe anasiya malonda. Ena anapukuta m'maso.

Oweruza anamuika nambala yomaliza.

"Mwayesetsa, mayi," anatero Wapampando, "koma Ferista saimba choncho."

"Komatu Ferista ndine, bambo."

"Tikudziwa. N'chifukwa chake mwatikhumudwitsa kwambiri."

Mphotho inapita kwa mlamu wa Wapampando, bambo wandevu amene tsopano ndiye Ferista Wovomerezeka. Mayi uja komiti yamuchitira chifundo: yamulola kuti azikaphunzira kwa mlamuyo Lachiwiri lililonse.